Chrome wakanirira pa 109 pa kompyuta ya pashopu, nanga ma add-on onsewa ndiwatani?

Mayi_wa_Fotokope, Salima

Moni abale nonse. Ndili ndi kashopu kotayipa, kusindikiza ndi fotokope pa Kamuzu Road, kuno ku Salima. Kompyuta ndi imodzi, ya patebulo, ndinaigula ku Lilongwe itagwirapo kale ntchito kwina. Ili ndi Windows 7, RAM ndi 4 GB, intaneti ndimailumikiza kuchokera pa foni yanga. Kutayipa ma CV, makalata a mpingo, malipoti a makalabu a alimi a mpunga a ku Lifuwu, zonsezi imachita popanda kudandaula. Ikangolowa pa intaneti ndiye mavuto.

Chrome amene alimo ndi 109. Kumwamba kumatuluka kamzere konena kuti salandiranso update pokhapokha nditaika Windows 10. Kamzereko ndakhala ndikungokatseka, koma tsopano masamba ena ayamba kukana. Dzana kunabwera bambo wina wa maboti wa ku Senga Bay, akufuna sitetimenti ya ku banki yake kuti akapemphere ngongole ya injini. Tsamba linatseguka theka, batani lolowera likuoneka koma ukalidina silichita kanthu. Bamboyo anadikira, kenako anati akayese kwina, ndipo kwinako ndikukudziwa bwino, ndi tsidya lina la msewu.

Palinso china. Magetsi akazima usiku, m'mawa mwake tsamba lililonse, ngakhale Gmail, limalemba kuti "Your connection is not private". Mnyamata wa shopu yoyandikana nane amabwera n'kugwiragwira pakona ya sikilini, zinthu n'kuyamba kuyenda, koma sandiuza chimene wachita chifukwa amafuna ya fanta tsiku lililonse.

Tsono nkhani ya ma add-on, timapulogalamu toonjezera mu Chrome. Mwana wa mchemwali wanga anandithandiza pashopu pa holide, ndipo anaikamo katundu wambiri. Ilipo yokopera mavidiyo a pa Facebook, VPN yaulere yobisa kumene ukulowera pa intaneti, yosintha PDF kukhala Word, yoonetsa nyengo, ina ya zigoli za mpira wa ku England, ndi zina zimene mayina ake sindikuwamva. Chichokereni iye, ndikalemba mawu kuti ndisake, sizipitanso ku Google, zimapita ku tsamba lina lachilendo lodzaza malonda. Kumunsi kudzanja lamanja kumatuluka timabokosi, tina ta juga, tina ta atsikana osavala bwino. Tsiku lina kanatulukira abusa ataima kumbuyo kwanga akudikira pulogalamu ya maliro. Bandulo imene inkandifikitsa Loweruka ikumathera pakati pa sabata.

Ndiye ndithandizeni. Kodi browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti ngati Chrome ameneyu, ingakwezedwe osasintha Windows? Windows ndikuopa kuisintha chifukwa pulinta yanga ndi yakale ndipo CD yake inasowa kalekale. Ikakana kugwira, shopu yatsekedwa. Nanga pa ma add-on onsewa, ofunika ndi ati? Nyengo yoti ana amene analemba Folomu 4 afunsire malo m'mayunivesite kudzera ku NCHE ikubwera, ndipo ndi nyengo imene shopu ino imaona ndalama. Sindikufuna kuti indipeze ndikulimbana ndi batani losadinika.

Mmisiri_wa_Dwangwa

Mayi, pepani ndi makasitomala owoloka msewuwo. Ine ndimakonza mafoni ndi makompyuta kuno ku Dwangwa, ndipo makina ngati anuwo amandipeza kawirikawiri, ochokera m'masukulu ndi m'maofesi a mipingo.

Chrome sakweranso, musatayepo bandulo kufufuza. 109 anatuluka mu January 2023 ndipo ndi womaliza amene Google inapangira Windows 7 ndi 8.1. Eni ake a Windows 7, a Microsoft, anaisiya pa 14 January 2020. Mukakumana ndi tsamba lonena kuti dinani apa mupeze Chrome watsopano wa Windows 7, musadine, Google ilibe chinthu chotero. Internet Explorer musamuganizire n'komwe, anapumitsidwa mu June 2022.

Chimene chingakuthandizeni panopa ndi Firefox 115 ESR. Anatuluka mu July 2023, nayenso ndi womaliza wa Windows 7, koma kusiyana kwake n'kwakuti a Mozilla akhala akumutsekabe mabowo achitetezo, n'kumawonjezera nthawi miyezi ingapo ingapo chifukwa anthu a Windows 7 akadalipo ambiri. Tsiku lina adzasiya, koma ali patsogolo kuposa Chrome wanuyo, ndipo masamba ambiri amene akukana pa 109 amatseguka pa iyeyu. Mumutenge pa mozilla.org pokha, ndi pafupifupi 60 MB. Musanatero dinani Computer ndi batani lamanja la mausi, kenako Properties, muone ngati Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit, kuti mutenge yoyenera. Munthu akabwera ndi fulashi akuti ali naye kale Firefox, mukane. Pa 14 March 2025 chiphaso china cha mkati mwa Firefox chinatha ntchito, moti pa Firefox aliyense wosafika 115.13 ma add-on amazima okha. Pomuika adzakufunsani ngati mukufuna kutenga zinthu za mu Chrome. Ma bookmark tengani, mapasiwedi asiyeni.

Za ma add-on a mwanayo, chotsani onse. Lembani chrome://extensions pamwamba pomwe mumalemba adiresi, mudzawaona atandandalikidwa, aliyense ali ndi Remove wake. Osasankha kuti uyu akuoneka waulemu. Chifukwa chake ndi ichi. Ambiri mwa iwo powaika amapempha chilolezo chowerenga ndi kusintha chilichonse cha pa masamba amene mwatsegula, ndipo munthu amangodina kuvomera osawerenga. Zikutanthauza kuti ka add-on koonetsa nyengoko kangathe kuona zimene bambo wa maboti uja akulemba pa tsamba la banki. Kuipa kwake kwina n'kwakuti add-on yabwino lero ikhoza kugulitsidwa mawa inu osadziwa. Inalipo ina yotchedwa The Great Suspender, yothandiza kuti Chrome asamadye RAM, ndipo inali ndi anthu oposa 2 miliyoni. Woipanga anaigulitsa mu 2020, ogulawo anaikamo zawozawo, Google inaichotsa mu February 2021. Ambirife tinali titaikira makasitomala.

VPN yaulereyo ndiye ndikuikayikira kwambiri pa bandulo yanu. Kuyendetsa VPN kumafuna ndalama, ndiye amene sakukulipiritsani akuzipeza njira ina. Mu 2015 zinaululika kuti ina yotchuka, Hola, inkagulitsa intaneti ya anthu oigwiritsa ntchito kwa anthu ena, kuti azidutsira pa makompyuta awo. Kumayiko kumene amalipira intaneti pamwezi yopanda malire mwina sazindikira. Ife a bandulo timazindikira Lachitatu.

Timabokosi ta kumunsito nthawi zambiri si ma add-on. Pali masamba amene amafunsa ngati mukulola kuti azikutumizirani mauthenga, wina n'kudina Allow pofuna kuti vidiyo iyambe. Pitani ku Settings, Privacy and security, Site settings, Notifications, mudzapeza mndandanda wa masamba ololedwa. Chotsani onse. Kenako ku Search engine bwezerani Google.

Mu Firefox ikani imodzi yokha, uBlock Origin, ndipo muonetsetse kuti pa dzina la woipanga palembedwa Raymond Hill, chifukwa alipo ena a mayina ofanana nayo. Imatseka malonda asanatsike n'komwe, ndiye masamba amatseguka msanga ndipo bandulo imakhalitsa. Apa mpomwe Firefox akuposera ngakhale Chrome watsopano. Google inasintha malamulo a ma add-on, amene amawatcha Manifest V3, ndipo uBlock Origin yathunthu sigwiranso pa Chrome wa masiku ano, kwatsala yochepetsedwa yotchedwa Lite. Mukatero lowani mu Settings ya Firefox, sakani Autoplay, musankhe Block Audio and Video, kuti mavidiyo asamayambe okha.

Ya PDF simukuifuna. Firefox amatsegula PDF yekha, mungathe kulembamo mawu ngakhale kusainamo. Tsamba lililonse mungalisunge ngati PDF podina Ctrl ndi P n'kusankha Save to PDF. Pomwepo, pa masamba a nkhani, pamakhala posankha Simplified, amene amachotsa zithunzi zam'mbali ndi mizere yosafunika, tona wanu n'kupulumuka. Ngati Word wanu ndi wa 2013 kapena woposerapo, amatsegula PDF yekha n'kuisandutsa chikalata choti mukonze.

Aphunzitsi_a_ku_Chipoka

Mayi, mnyamata wa fantayo akungokonza tsiku ndi nthawi. Mawa magetsi akazima, musanamuitane yang'anani pakona imene amagwirayo, mudzaona kompyuta ikunena chaka chakale. Mkati mwa bokosi la kompyutayo muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kamene kamasunga wotchi magetsi akachoka. Kanu katha mphamvu. Masamba ngati Gmail ali ndi ziphaso zokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye kompyuta ikamaganiza kuti tidakali zaka khumi kumbuyo imaona ngati ziphaso zonse n'zabodza. Kabatireko amagulitsa okonza mawotchi ndi mashopu a zamagetsi, ndipo kusintha kwake n'kwa mphindi zochepa, bola muzule kaye chingwe kukhoma. Potsegula bokosilo mupukutemonso fumbi, kutentha kwa Salima mu October fani yodzaza fumbi siikukwanitsa.

A Mmisiri anena zoona pa zambiri, koma pa yoti add-on ikhale imodzi yokha ndisiyana nawo pang'ono. Ine ndimagwiritsanso ntchito SingleFile. Imasunga tsamba lonse, mawu ndi zithunzi zomwe, mu fayilo imodzi yoti n'kuika pa fulashi n'kukatsegula kopanda intaneti. Kuno netiweki imabwera ndi kupita, ndiye ndikapeza tsamba labwino la Biology ndimalisunga kamodzi, ana n'kumaliwerenga chaka chonse pa laputopu ya kusukulu. Kwa inu ingathandize pa zotsatsa ntchito zimene anthu ambiri amabwera kudzafunsa chinthu chomwechomwecho, simungamatsitse tsamba limodzi kakhumi.

Koma chimene chandipangitsa kulemba ndi china. Kompyuta yanuyo amakhalapo anthu ambiri. Ndinalowapo mu shopu ina yotayipa ku boma, nditatsegula Gmail ndinapeza ndili kale m'makalata a mayi wina wosamudziwa, zotsatira za kuchipatala zili poyera. Anali atangotseka windo n'kumapita, akuganiza kuti watuluka. Kasitomala aliyense muzimutsegulira private window, pa Firefox ndi Ctrl, Shift ndi P. Akamaliza n'kutseka windoyo, Firefox amaiwala kuti analowa. Mu Settings muchotse chizindikiro pamene pakunena zofunsa kusunga mapasiwedi, chifukwa anthu athu kabokosi kakatuluka amangodina Save. Dziwaninso kuti uBlock Origin sigwira mu private window mpaka mutailola: pitani ku Add-ons, dinani dzina lake, pa Run in Private Windows musankhe Allow. Ambiri amaiwala pamenepa kenako n'kumati sikugwira ntchito.

Private window safufuta zimene zatsitsidwa. Nyengo ya NCHE mu Downloads mudzadzaza masatifiketi a MSCE ndi zithunzi za ziphaso za unzika za ana a eni ake. Muzifufuta madzulo aliwonse, ndi mu Recycle Bin momwe.

Wa_ICT_Nkhotakota

Akuluakulu, ndi ulemu wonse, tikuika zigamba pa tayala lotha. Browser ikukanika chifukwa pansi pake pali Windows imene yakhala zaka zoposa zisanu osalandira chitetezo, ndipo tsiku lililonse mukulowa mafulashi a anthu osiyanasiyana. Firefox 115 akangosiyidwa mayi adzabweranso pano ndi funso lomweli.

Windows 10 nayonso si yankho, Microsoft inaisiya pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kompyuta ya nthawi ya Windows 7 singaikwanitse. Ine ndikanati m'malo mwa Windows muike Linux Mint, mtundu wa Xfce. Ndi yaulere, siifuna kiyi, imayenda ngakhale pa RAM ya 2 GB, ndipo imabwera ndi Firefox weniweni wa lero amene azilandira ma update. Mavayirasi a pa fulashi amene amasandutsa mafoda kukhala ma shortcut sagwira pamenepo. Za pulinta musaope musanayese, Mint mungaiyendetse kuchokera pa fulashi osaika chilichonse pa kompyuta, n'kulumikiza pulinta kuona ngati isindikiza. Mapulinta akale ambiri amagwira okha popanda CD. Kutsitsa kwake ndi pafupifupi 3 GB, ndiye ndi za bandulo ya usiku, ndipo purosesa iyenera kukhala ya 64-bit.

Pa ma add-on ndingaonjezere Bitwarden yosungira mapasiwedi, ndi Dark Reader kuti maso asamawawe. Ndipo kasitomala wongofuna kuwerenga chinthu chaching'ono muzimutsegulira pa foni ndi Opera Mini, amapanikiza masamba asanafike kwa inu, data imapita yochepa. Chrome anali ndi Lite mode yochita zofanana koma anaichotsa mu 2022.

Mmisiri_wa_Dwangwa

Achimwene, za Windows 7 simukunama, ndipo Mint ndimaikonda, ili pa laputopu yanga. Koma ganizirani ntchito ya mayiwa. Anthu amabwera ndi ma CV ndi mapulogalamu a ukwati opangidwa mu Word ndi Publisher. Mukawatsegula mu LibreOffice, imene imagwira ntchito ya Word pa Mint, matebulo amasuntha, zilembo zimasintha, tsamba limodzi limakhala awiri, mwini wake ataima pomwepo minibasi ikumudikira. Ndipo chikavuta Loweruka masana, pa Kamuzu Road ndi angati amene angakonze Linux? Ine ndili kutali, inunso muli kutali.

Windows 10 inasiyidwadi, koma Chrome ndi Firefox atsopano akuyendabe pa iyo, ndipo pa funso la browser ndicho chachikulu. Nyengo ya NCHE ikadutsa, ndalama zikapezeka, mayi agule disiki yatsopano yaing'ono ya mtundu wa SSD, aikepo Windows 10 kapena Mint yanuyo, hadi disiki yakale aisunge osaikhudza. Pulinta ikakana, amangobwezera disiki yakaleyo n'kupitiriza ntchito tsiku lomwelo. Akasankha Windows 10 asaiwale kuika hotspot ya foni ngati Metered connection, apo ayi ma update adzamaliza bandulo usiku umodzi. Koma kusintha zonsezi sabata zochepa nyengo ya ndalama isanafike, ayi.

Bitwarden ndi yabwino pa foni kapena laputopu ya munthu mmodzi. Pa kompyuta imene pamakhala aliyense wodutsa, mapasiwedi a mayi asakhalepo m'njira ina iliyonse. Dark Reader siyothandiza munthu amene ntchito yake ndi kuona tsamba mmene lidzatulukire papepala loyera.

Mayi_wa_Fotokope, Salima

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Firefox ndamuika usiku, Windows yanga ndi ya 64-bit. Ma add-on a mu Chrome ndachotsa onse, ndipo ku Notifications ndinapezako masamba ambirimbiri amene sindinawamvepo. Timabokosi tasiya. Mwana wa mchemwali wanga wanditumizira uthenga wautali pa WhatsApp kuti VPN ija inali yofunika, ndamuuza kuti akadzagula kompyuta yake adzaikemo.

Aphunzitsi, munalondola, kompyuta imanena kuti tili mu 2010. Kabatire ndagula, ndipo fumbi limene linatuluka m'bokosimo linandichititsa manyazi pamaso pa wondithandiza. SingleFile ndaikanso, chifukwa zotsatsa ntchito za aphunzitsi ndi azaumoyo zikatuluka anthu amabwera motsatizana kufuna pepala lomwelo. Tsamba la banki lija ndaliyesa ndi akaunti yanga, batani likudinika.

Achimwene a ku Nkhotakota, mawu anu sindinawataye. Mchimwene wanga amabwera kuchokera ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi, ndamuuza afunse mtengo wa SSD. Mint ndidzaiyesa pa fulashi Lamlungu lina tikaweruka kutchalitchi, ndione ngati pulinta ivomera. Ikasindikiza bwino pulogalamu ya ukwati yokhala ndi maluwa m'mbali, tidzakambirana.

Koma pali chimodzi chatsopano. Lero mtsikana wina amadzaza fomu yofunsira ntchito pa tsamba la bungwe lina. Tafika kumapeto, pamene pamayenera kutuluka kabokosi kotsimikizira kuti ndiwe munthu, pali poyera, ndipo popanda iko fomu sikupita. Pa foni yake kakuoneka. Kodi ndi uBlock ija yakabisa, kapena Firefox 115 wayamba kale kukalamba? Tsiku lomaliza kutumiza ndi Lachisanu.

Mmisiri_wa_Dwangwa

Yambani ndi uBlock, mayi. Muli pa tsambalo, dinani kachishango kofiira kumwamba kudzanja lamanja, mudzaona chizindikiro chachikulu chabuluu chonga batani loyatsira wailesi. Chidineni chisanduke chotuwa, kenako dinani F5. Izi zimaizimitsa pa tsamba lokhalo, masamba ena onse imakhala ikugwirabe. Musanadine F5 mtsikanayo akopere mayankho ake aatali mu Word, chifukwa mafomu ena amafufuta zonse tsamba likatsegulidwanso.

Kabokosiko kakapanda kutulukabe, yesani mu windo wamba osati private, ndipo mudine kachishango kena kamene kali kumanzere kwa adiresi, n'kuzimitsa Enhanced Tracking Protection pa tsambalo. Zonsezi zikakanika ndiye kuti ndi ukalamba wa browser, ndipo fomuyo mumalizire pa foni yake lero lomwe, masatifiketi mumusikanire inuyo n'kumutumizira pa WhatsApp ngati document kuti asafiire. Mutiuze chimene chagwira.